Tsiku Limene Ofesi Inandibweretsera Bokosi

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Mabwana ndi madona, anzanga ogwira ntchito m'boma, mundilole ndiyankhule m'Chichewa. Chizungu tachimva chokwanira kuyambira m'mawa, komanso zimene ndikufuna kunenazi zinandichitikira m'Chichewa.

Ndine Barnaba Mkwanda, kwathu ndi ku Malindi, tsidya lomwe mukuliona mukasuzumira pawindopo. Ofesi yathu sindiitchula, amene mukuidziwa mukuidziwa. Atiitana kuno ku Nkopola kuti tidzaphunzire mmene munthu wa boma angagwirire ntchito ali kunyumba kwake. Taonani nokha, kuti tiphunzire kukhala pakhomo tachita kuchoka pakhomo, ndi alawansi pamwamba. Musaseke kwambiri, nanenso ndasainira. Koma ine ntchito ya pakhomoyi ndinaigwirapo kale, ndipo inatsala pang'ono kundilanda mkazi wanga. Ngati muno muli wina amene wayamba kale kumwetulira mumtima kuti akapuma bwino kunyumba, ameneyo atchere khutu.

Tonse muno tikuidziwa jekete ya pampando. Umafika m'mawa, kuikoleka, kupereka moni mokweza kuti bwana amve mawu ako, kenako n'kutuluka kukaona za moyo wako. Wobwera kudzakufuna amauzidwa kuti alipo, si iyo jekete yawo. Ine ndinakulira m'mwambo umenewo ndipo ndinali katswiri. Mowa ndinkamwa, koma wa Lachisanu ndi Loweruka. Lolemba ndinkayenera kumeta ndevu, kusita malaya, kutafuna kena kake kuti fungo lichoke, chifukwa ku ofesi kuli maso a anthu. Ndinkadziona ngati munthu wodziwa kudzigwira. Sindinkadziwa kuti chimene chinkandigwira si nzeru zanga ayi, koma maso a anzanga.

Utabwera mliri wa korona, anati m'maofesi musadzazane. Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi, anthu ochuluka kuposa mipando. Bwana wathu, a Nkhoma, anasankha otsala: iwo eni, wa zandalama, ndi dalaivala wathu Che Saidi. Enafe anati tizikagwirira kunyumba. Ntchito yanga inali yophatikiza malipoti a m'madera n'kupanga lipoti limodzi la pamwezi. Anandipatsa laputopu yakale, ya batire yofa msanga, n'kundiuza kuti ndiisamale chifukwa ndi katundu wa boma. Za mmene ndingadzisamalire ineyo palibe anatchula.

Ndinaona kuti kulipira lendi pa boma ntchito ili m'chikwama n'kupusa. Ndinatenga mkazi wanga Rozina ndi mwana wathu Tereza, n'kupita kwawo kwa mkaziyo, mudzi wina kupitirira Makanjira, kufupi ndi malire. Makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambiki kalekale n'kukhazikika komweko, anthu olima chinangwa ndi kugulitsa nsomba zouma. Ndinalowa chikamwini ndi laputopu kukhwapa, anthu n'kumanong'onezana kuti m'mudzi mwalowa boma.

A Nkhoma anatsegula gulu la pa Watsapu n'kuika lamulo limodzi lokha. M'mawa uliwonse, nthawi yolowera ntchito isanakwane, aliyense alembe liwu limodzi: Ndilipo. Basi. Jekete ija inachoka pampando n'kulowa mu foni.

Tsono kumudziko netiweki imachita kusakidwa. Pakhomo foni inkangogwira ya ku Mozambiki, yodya mayunitsi osakupatsa kanthu. Malo amodzi okha ndiwo inkagwira bwino, pamwala waukulu pafupi ndi doko pamene mabwato amakocheza. Ndipo pamthunzi wa mwala womwewo mayi wina, dzina lake Jasinta, ankagulitsa kachasu kwa alovi, anthu olembedwa ganyu yokoka makoka. Iwowo amagwira ntchito usiku, ndiye m'mawa kwa iwo ndi nthawi yoweruka. Ine ndinkafika pamwalapo kudzalowa ntchito, iwo n'kumafika kudzaweruka, ndipo benchi linali limodzi.

Lipoti limodzi kuti lipite pa netiweki imeneyo unkadikira mpaka thako kuchita dzanzi. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi kodikirira. Alovi anandipatsa dzina loti Bwana Boma, ndipo Bwana Boma sakhala pagulu osagulira anzake. Kabotolo kodikirira kanabala ka chikondwerero kuti lipoti lapita, kameneko n'kubala ka m'mawa kochotsera matsire. Mwezi wina ulesi utandigwira ndinangotenga lipoti lakale, kusintha dzina la mwezi, n'kutumiza. Ndinakhala tsiku lonse mtima uli m'mwamba kudikira kuti andigwire. Yankho linabwera la liwu limodzi lija timalikonda m'boma: notedi. Mwezi wotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, notedi. Kenako ndinangosiyiratu kutumiza, ndipo palibe anafunsa.

Mliri utazizira anzanga anabwerera ku ofesi. Ine nditaimba foni a Nkhoma anati tebulo langa anapatsa munthu watsopano, ndipitirize momwemo, adzandiitana. Ndinawafunsa ngati angabwere tsiku lina kudzaona mmene ndikugwirira ntchito. Anaseka, amvekere ku Makanjira ndi kutali, msewu ndi woipa, ndipo mafuta a galimoto palibe. Mawu amenewa muwasunge, a mafutawa. Kunena chilungamo, tsiku limenelo ndinakondwa kuti sabwera. Koma pansi pa kukondwako panali china chowawa, chakuti zaka zonse ndinagwira mu ofesi ija ndinali munthu woti akhoza kusowa popanda wozindikira.

Kuchoka apo ndinatsetsereka msanga. Ndinayamba kugona ku doko, pansi pa mathandala oanikira usipa. M'mawa wina Rozina anandipeza nditagona pamchenga, foni ili pambali, nthawi ikutha. Anaitola, n'kuona zimene anzanga alemba, n'kulemba naye: Ndilipo. Kuyambira tsiku limenelo foni inakhala m'manja mwake. M'mawa uliwonse mkazi wanga ankasiya ntchito zake, kuyenda mpaka pamwala, kudutsa pa benchi pamene mwamuna wake akuseketsa alovi, kukwera pamwamba, kulemba bodza lake, n'kubwerera osandiyang'ana. Bwana akalemba uthenga wautali wa Chizungu, iye ankadikira kuti aone zimene ena ayankha, n'kukopera notedi. Ankachita zimenezi poopa kuti ntchito ikatha, sukulu ya Tereza yathanso.

Laputopu ya boma ndinagulitsa kwa munthu wina wogula nsomba. Sola ya apongozi anga, imene ankatchajitsira anthu mafoni n'kupezapo ya mchere, ndinaitsitsa padenga iwo ali kumunda. Ndikunena izi pamaso panu ndi manyazi, koma ndi mmene zinalili. Nditaona kuti pakhomo sindingapondepo, ndinakwera bwato la alovi amene ankatsata usipa ku madoko a kutsidya kwa malire. Sindinatsanzike munthu.

Zimene ndinene tsopano ndinachita kuuzidwa pambuyo pake. Ine ndili kutsidyako, a Nkhoma analemba pagulu paja kudzudzula anthu ochedwa kulemba Ndilipo. Pomaliza anati onse atengere chitsanzo kwa a Mkwanda, amene ali kutali kuposa aliyense koma sanajombepo ngakhale m'mawa umodzi. Anzanga n'kuyikapo tizithunzi ta manja owomba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Rozina anawerenga zimenezo ataima pamwala, panyumba mulibe sola, mayi ake sakumuyankhula, mwamuna sakudziwa ngati ali moyo. Akuti anangokhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka misozi.

M'mawa mwake anakweranso pamwala, koma sanalembe Ndilipo. Analemba kuti: Bambo a Tereza atisiya. Ndine akazi awo. Atatero anathimitsa foni, n'kukaiponya pansi pa dengu, n'kupita kumunda.

Inu nonse mukudziwa chimene Mmalawi amamva akauzidwa kuti wakutiwakuti atisiya. Gulu lija linadzaza makandulo ndi mawu oti mzimu wawo uuse mumtendere. Anayesa kuimba, foni yozimitsa. Anafunsana kuti ndani ali ndi nambala ya mbale wake wina aliyense, panalibe ndi mmodzi yemwe. Mayi Chirwa, amene amayendetsa komiti ya zamaliro ku ofesi kwathu, anakumbutsa anthu kuti ku Makanjira ambiri ndi Asilamu, amaika maliro ndi nsalu ndi jeneza, machira awo onyamulira maliro, ndiye bokosi silingapezeke msanga, pamene malemuyo anali wa Angilikani. Anagwirizana zogula bokosi pa boma pomwepo n'kupita nalo. Ndipo mafuta aja, abale, mafuta amene kunalibe miyezi yonse ija, anapezeka tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Tsiku lotsatira ndi limene ine ndinabwerera. Ndinali nditangotsika m'bwato, dzuwa lili paliwombo, nditakhala pa benchi la mayi Jasinta. Malaya analibe mabatani, nsapato ndinali nditazisiya kwina kumene mpaka lero sindikukumbuka. Ndinamva nyimbo ya maliro ikubwera ndi galimoto. Ndinadzuka n'kuvula chipewa monga timachitira. Kuyang'ana, galimoto ya ofesi yathu yomwe, Che Saidi ali pachiwongolero, a Nkhoma pambali pawo atavala suti yakuda, kumbuyo amayi ovala zitenje atazinga bokosi. Palibe anandizindikira, ndevu zinali zitandimeza nkhope. Ndinaiona ikukhotera kanjira ka kwathu.

Mowa unandithera m'mutu nthawi yomweyo. Ndinati ndi Tereza. Ndinati mwana wanga wamwalira ine ndili kutsidya, ofesi yamva bambo wake asanamve. Ndinathamanga wopanda nsapato pa minga ndi miyala osamva kanthu. Ndikuthamanga choncho ndinkapempha Mulungu zinthu zimene munthu woledzera alibe ufulu wopempha.

Nditafika kuseri kwa mpanda wa udzu ndinaima. Nyimbo inali italeka. Panjira panalibe masamba oyalidwa osonyeza maliro, pabwalo panalibe anthu, panalibe kulira. Ndinasuzumira pa mpata wa udzu. Rozina anali akuyanika chinangwa. Anasiya, kupukuta m'manja, kuyalira alendo mphasa, kugwada, n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, bwinobwino ngati abwera kudzacheza. A Nkhoma anakonza pakhosi.

"Pepani mayi ndi zovuta zatigwerazi. Thupi lili kuti, kuchipatala?"

"Thupi lilipo, bwana," anatero Rozina. "Likuyendayenda m'madoko umu. Munthu ndi amene kulibe."

Pamenepo ndi pamene ndinalowa. Mayi Chirwa anagwira pakamwa. Mayi wina anadzuka n'kukaima kuseri kwa galimoto. Che Saidi ananong'ona mawu a Chiarabu, maso ali pa mapazi anga amene ankatuluka magazi. Ine sindinaone aliyense wa iwo bwinobwino. Ndinafunsa mkazi wanga kuti Tereza ali kuti.

"Ali kusukulu," anatero. "Lero mwamukumbuka?"

Ndinatembenuka kuyang'ana bokosi lija. Linali lokongola, abale, lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira. Pamwamba pake panali nkhata ya maluwa apulasitiki, pa nsalu yake atalemba kuti B. Mkwanda, Tidzakusowani. Che Saidi anadzandiuza pambuyo pake kuti m'galimoto munali mtsutso njira yonse, ena akuti B ameneyo ndi Benadi, ena akuti Bonifesi, chifukwa a Nkhoma ankakonzekera mawu a pamaliro ndipo ankafuna dzina lonse la malemu. Anthu odzandisowa anali amenewo.

A Nkhoma mantha atawathera unabwera mkwiyo. Sanayambe ndi ine ayi, anayamba ndi Rozina. Anati wanamiza boma, wawonongetsa mafuta a boma ndi ndalama za komiti, ndipo nkhani yotere ikhoza kukathera kupolisi. Mkazi wanga anawamvetsera ali chigwadire mpaka anamaliza.

"Bwana, Ndilipo yense uja munkawerenga ndinkalemba ndine," anatero. "Ndakunamizani m'mawa uliwonse miyezi yonseyi, simunabwere. Dzulo ndanena zoona kamodzi kokha, mwabwera."

A Nkhoma anasiyira pomwepo za kupolisi.

Kenako panabuka nkhani ya bokosi. Mayi Chirwa ndi anzawo anakanitsitsa kukwera nalo pobwerera, amvekere bokosi lopanda munthu silibwerera, limakaitana wina. Wopanga mabokosi sangalilandirenso. Ku ofesi kulibe poliika, ndipo ndani angagwire ntchito moyang'anizana nalo? A Nkhoma ankangokanda m'mutu. Ndi Rozina amene anawamasula.

"Litsitseni," anatero. "Lidzagwira ntchito posachedwa. Musadzavutikenso ndi ulendo wachiwiri, mafuta ndi odula."

Ndikufuna mumvetse bwino apa, chifukwa moyo wanga unatembenukira pa mawu amenewa. Akanati anene mokalipa, ndikanati ndi mkwiyo wa mkazi, udzatha. Akanati alire, ndikanapepesa monga ndinkachitira nthawi zonse, madzulo n'kubwerera kwa Jasinta. Koma ananena mofatsa, mmene munthu amanenera kuti sungani mbewu, mvula ili pafupi. Sankanditemberera. Ankangokonzekera. Mkazi amene ndinamanga naye ukwati m'tchalitchi anali atandiika kale m'manda mumtima mwake, n'kuyamba kuganizira za mayendedwe a anthu odzalira. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwira mbali imodzi ya bokosi langa, Che Saidi mbali inayo, n'kulitsitsa.

Madzulo ake kunakhala bwalo la banja. Amalume ake a Rozina anati mkamwini wakuba sola ya apongozi anyamule zake azipita kwawo ku Malindi, ndipo anali ndi ufulu wonse wotero. Rozina anati asandithamangitse, komanso m'nyumba mwake ndisalowe. Kuseri kunali kanyumba kosungiramo makasu ndi matumba, momwe tinaika bokosi lija. Anandiponyera mphasa mmenemo. Sanandipatse malamulo, sanandiuze kuti ndikachita chakuti adzandikhululukira. Anangoti aona.

Mwina mukufunsa kuti zinatheka bwanji kuti ntchito isandithere. Musaganize kuti chinali chifundo. Kuti a Nkhoma andilembere kalata yondichotsa, akanayenera kufotokoza kwa akuluakulu awo mmene anatamandira pagulu munthu amene sanatumize lipoti kwa miyezi, ndi mmene galimoto ya boma inanyamulira bokosi la munthu wamoyo. Ndiye nkhaniyo anaikwirira. Laputopu anati azindidula pamalipiro pang'onopang'ono, basi. Tonse awiri tinali ndi jekete pampando, yanga inali Ndilipo, yawo inali notedi. Zimandiwawa mpaka lero kuti chimene chinapulumutsa ntchito yanga ndi chomwecho chimene chinatsala pang'ono kundipha.

Tsopano za kubwerera, chifukwa mwina wina muno zingamuthandize. Ndinayamba ndi kuchipatala, ndipo ndinanena zoona zonse. Mowa ukakulowerera mpaka m'mafupa sumangousiya wekha kuchipinda ngati kuvula malaya. Ndinanjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zoyenda pakhoma, ndipo popanda thandizo la achipatala sindikudziwa kuti zikanatha bwanji. Ngati manja ako amanjenjemera m'mawa mpaka utalawako, usadzinamize kuti ndi malungo.

Ndinapita kwa mayi Jasinta kukawapempha kuti ndikabwera asadzandigulitsenso. Anandiseka, amvekere iwo sanaitanepo munthu, anthu amabwera okha ndi miyendo yawo. Ndinakwiya, koma ankanena zoona. Ndiye ndinasiya mwala uja. Ndinayenda mudzi wonse foni ili m'mwamba ngati wopenga, mpaka ndinapeza chulu china kuseri kwa sukulu pamene netiweki imagwirako pang'ono. Ndi kutali kuposa pamwala, palibe mthunzi, palibe benchi. Ubwino wake ndi womwewo.

M'mawa uliwonse ndinayamba kusamba, kumeta, kuvala malaya opisira ndi nsapato, ngakhale kuti ofesi yanga inali kanyumba ka makasu. Anthu ankandiseka kuti Bwana Boma wapenga. Tebulo ndinalibe, laputopu ndinalibe. Ndinkakhala pa thumba la chimanga, kuyala mapepala pamwamba pa bokosi lija, kulemba lipoti pamanja, kulijambula ndi foni, n'kupita nalo pachulu. Zaka zonse ndinagwira m'boma sindinapatsidwepo tebulo losalala ngati limenelo.

Kenako ndinawaimbira a Nkhoma n'kuwapempha zinthu ziwiri. Ndinati pa sabata azindiimbira kamodzi ndi mawu, osati kulemba, kuti amve ngati lilime langa likuyenda bwino. Ndinatinso lipoti langa lisamabwere ndi notedi, lizibwera ndi funso, ngakhale limodzi, loti ndidziwe kuti munthu walitsegula. Anavomera monyinyirika. Foni zoyambirira zinali zowawa, tinkangopumirana ngati anthu okwatirana mokakamizidwa. Koma tsiku lina anandifunsa chifukwa chake dera lina silinatumize lipoti lake, ndipo ndinakhala tsiku lonse ndikufufuza yankho. Tsiku limenelo mowa sindinaukumbuke n'komwe.

Amene anandigwira dzanja kwenikweni ndi Che Saidi, munthu woti mowa sanaulawepo. Palibe anawatuma. Anangodziwa kuti tsiku langa loopsa ndi Lachisanu, ndiye akatuluka mu mzikiti masana ankandiimbira. Ankayamba ndi moni wamasiku onse, muli bwanji a Mkwanda, ine n'kuti ndilipo. Iwo amvekere, zimenezo tinaziwerenga kale pagulu, ine ndikufunsa kuti muli bwanji. Mutu umodzi susenza denga, abale, ndipo nthawi zina wodzakuthandiza kusenza si wa mpingo wako.

Ndinagwa kamodzi, sindibisa. Malipiro atalowa ndinakumana ndi mlovi wina wakale panjira, ndipo ndinabwera pakhomo ndikudzandira. Ndinkayembekeza mkuntho. Sunabwere. M'mawa mwake Rozina analowa m'kanyumba muja ndi kansanza konyowa, kusuntha mapepala anga bwinobwino, n'kuyamba kupukuta fumbi pabokosi, zogwirira zomwe, ine ndili gone pamphasa ndikuyang'ana. Atamaliza anabwezera mapepala m'malo mwake n'kutuluka. Kuchokera tsiku limenelo sindinalawenso.

Ndiye kwa inu anzanga amene mutumizidwe kunyumba, sindikunena kuti ntchito ya pakhomo ndi yoipa. Alipo amene amaigwira bwino kuposa ku ofesi. Koma musanapite mudzifunse kuti chimakudzutsani m'mawa n'chiyani. Ngati ndi maso a anthu, dziwani kuti kunyumba maso amenewo kulibe, ndipo chimene munkachibisa Lolemba chidzapeza sabata yonse ili pululu. Muonenso kumene netiweki ikukutengerani ndi amene akhala nanu pa benchi. Ndipo foni yanu musapatse mkazi kapena mwamuna wanu kuti azikunamirani. Mukumusenzetsa katundu woti tsiku lina adzamutula pamaso pa anthu.

Kwa inu mabwana ndilibe mawu okoma, mundikhululukire. Munthu mukamutumiza kunyumba simunamutumize kumanda. Ngati chimene mumawerenga ndi Ndilipo, dziwani kuti liwu limenelo aliyense wokhala ndi chala akhoza kulemba. Tsegulani lipoti. Imbani mumve mawu ake. Dziwani dzina loyamba la munthu wanu iye akadali moyo, ndi nambala ya munthu mmodzi wa kwawo. Ndipo mafuta amene mumawapeza tsiku la maliro, yesani kuwapeza tsiku wamba, munthuyo akadatha kukupatsani mpando ndi madzi akumwa. A Nkhoma anapuma ntchito, sindiwasungira chidani chachikulu. Koma ndikamva bwana akunena kuti mafuta palibe, ndimakumbukira bokosi lija.

Dzinja linadutsa, chilimwe n'kudutsa, ine ndili m'kanyumba ka makasu. Sola ya apongozi ndinabweza. Tsiku lina tikukumba chinangwa ndinalimba mtima n'kumufunsa Rozina funso limene linkandidya. Ndinati mwina poti kwawo amayankhula kwambiri Chiyao, sanadziwe kuti atisiya amamveka bwanji kwa anthu a ku ofesi. Ndinkafuna avomere, kuti ndizidzitonthoza kuti kunali kuphonya kwa chiyankhulo. Anaimika khasu n'kundiyang'ana.

"Chichewa ndinaphunzira kusukulu ngati inu nomwe, bambo a Tereza," anatero, n'kupitiriza kukumba.

Patapita masabata angapo ndinabwera kuchokera pachulu n'kupeza kalipentala wa m'mudzimo, Msilamu wachikulire amene anati kwa iye matabwa ndi matabwa, akuzula misomali pabokosi lija pabwalo. Rozina ndi amene anamuitana. Anapanga tebulo labwino la miyendo inayi, n'kulilowetsa m'nyumba yaikulu, pafupi ndi windo. Mphasa yanga inalowanso tsiku lomwelo. Ndinakhala pakhonde n'kulira ngati mwana, apongozi akundiyang'ana.

Kalipentala uja anafunsa ngati chivindikiro cha bokosi lija achidule apange kashelefu ka mabuku. Rozina anakana. Anachinyamula yekha n'kukachiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwathu, ndipo chili pomwepo mpaka lero. Sitichitchula. Koma pamene ndimanyamuka kubwera kuno, atamva kuti ndi ku loji ndipo kuli alawansi, anandisitira malaya, kundiikira m'chikwama, kenako anayang'ana kuseri kwa chitseko kuja, n'kuyang'ana ine, amvekere muyende bwino, bambo a Tereza.

Ena mwa inu mwandiitana kale kuti tikaweruka pano tikakhale ku bala ya lojiyi, mwati kamodzi sikapha. Zikomo poitana. Ine ndikakhala kuchipinda, ndili ndi foni yoti ndiimbire Rozina, ndipo iye safuna kuwerenga kuti ndilipo, amafuna amve yekha.